Wosula wa ku Nakoli ndi mzere wapakati pa mpeni

Mpeni umene mbali zake sizinapalidwe mofanana umadziulula ukangolowa m'chinangwa. Dzanja likufuna utsike molunjika, koma iwo ukukhotera kumbali, ndipo zidutswa zikutuluka zonenepa kumwamba, zopyapyala pansi. Mayi woduladula amati mpeni wabuntha, naunola pamwala, koma osasintha. Vuto linabadwira kuchipala. Mbali ziwiri zotsetserekera kukamwa kwa mpeni zimayenera kukumana pakati penipeni pa chitsulo. Imodzi ikadyedwa kuposa inzake, kukamwako kumasunthira kumbali ndipo mpeni umatsatira komweko.

Kabwe ndi tauni yodziwa chitsulo. Mtovu ndi zinki zinapezeka kuno mu 1902, pamalo pamene azungu anatcha Broken Hill, njanji n'kufika mu 1906. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma likulu la Zambia Railways likadali pompano, ndipo magalimoto akuluakulu opita ku Copperbelt amadutsa usana ndi usiku. Wosula wa m'komboni ngati Nakoli, Makululu kapena Katondo sasowa poyambira. Chidutswa cha njanji ndiye posulira pake, sipulingi yothyoka ya galimoto ndiye mpeni wa mawa. Chitsulo cha sipulingi chimalola kulimbitsidwa ndi moto, pamene cha lata kapena cha geti sichisunga kuthwa ngakhale uchinole chotani.

Chimene ndimasirira mwa mmisiri wodziwa ntchito ndi zimene amachita akaona kuti mbali zasiyana. Wophunzira amathamangira kumbali imene yaoneka moipa, kupala pano, kutembenuza, kupala uko, mpaka mpeni wodulira nyama usanduka kampeni kosendera mbatata. Mmisiri amaika tupa pansi kaye. Amapaka inki ya maka m'mphepete monse mmene mudzakhale kukamwa. Kenako amatenga kachitsulo kobowolera konenepa mofanana ndi mpeniwo, n'kukagoneka pamalo osalala, mwina pagalasi, ndipo amakokera mpeni pansonga pake kuti kakande mzere. Akautembenuza n'kukandanso, pamatuluka timizere tiwiri toyandikana, ndipo pakati pa timizereto ndiye pakati pa chitsulo. Tsopano diso silingamunamize.

Apa ndi pamene pali nzeru yonse. Mbali imene yafika kale pamzere saikhudzanso, chifukwa chitsulo chimene chapita sichibwerera. Amagwira mbali yotsalira yokha, kuitsitsa pang'onopang'ono mpaka ifanane ndi inzake. Amaipaka inki yonse, n'kudutsitsa tupa kangapo. Pamene inki yachoka ndi pokwera, pamene yatsala ndi polowa. Akaona dzenje salithamangitsa ndi nsonga ya tupa, koma amatsitsa malo onse olizungulira mpaka inki ithe paliponse. Pomaliza amagwira tupa mopingasa ndi manja awiri n'kumalikoka kuchokera kuchigwiriro kupita kunsonga, ndipo tizitunda tonse timaphwa. Ena amapaka choko m'mano a tupa kuti tizitsulo tisakakamiremo n'kukanda mpeni.

Pafupifupi munthu aliyense ali ndi mbali imene imamuvuta. Wogwira ndi dzanja lamanja amapala mbali imodzi thupi lili momasuka, koma akatembenuza mpeni chigongono chimakwera, ndipo tupa limapendekeka iye osadziwa. Wosula wozolowera sakakamiza mkono. Amamasula vayisi, n'kutembenuza thabwa limene wamangirirapo mpeni, iye n'kusintha poima kuti mkono uyende njira yomwe ija. Amayambira mbali yovutayo, mphamvu ndi maso zikadalipo, kenako yosavuta n'kuitsanzira. Malo amene amamutayitsa nthawi kwambiri ndi pafupi ndi chigwiriro, pamene kutsetsereka kumayambira. Amayang'ana mpeni chakukamwa, diso limodzi atatsinzina, kuona ngati mapewa awiriwo ali pamzere umodzi. Wogula sangayang'ane pamenepo, koma mmisiri mnzake amayambira pomwepo.

Galayinda imafulumira, palibe wotsutsa. Koma imadya chitsulo msanga kuposa mmene diso lingatsatire, ndipo mbali zambiri zokondera zimachokera kwa iyo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri patsiku, amene ankadziwa kugwira tupa sanaleke ntchito.

Zonsezi ziyenera kutha mpeni usanalowe pamoto wolimbitsira. Chitsulo chikalimba tupa limangoterereka, osaluma. Komanso moto umalanga mpeni wokondera. Wosula amauwotcha pamakala mpaka maginito asiye kuugwira, zimene zimachitika kutentha kukafika madigiri pafupifupi 770, n'kuwonjezera pang'ono, kenako kuuviika m'mafuta. Ngati mbali zake n'zosiyana, sizizizira mofanana ndipo mpeni umatuluka wopindika. N'chifukwa chake amasiya kukamwa kuli konenepa pafupifupi milimita imodzi, osanola mpaka kuthwa. Akaufewetsa pang'ono pamoto wofatsa mpaka utenge mtundu wa udzu wouma, zotsalazo amamaliza ndi mwala ndi sandipepala. Akagwiritsa galayinda panthawi imeneyi amauviika m'madzi pafupipafupi, chifukwa kukamwa kukangosanduka kwa buluu, pamadigiri pafupifupi 300, kulimba kwachepa ndipo pamenepo pazibuntha msanga.

Ntchito yokonzayi imatha kudya theka la tsiku, ndipo pamsika mtengo wa mpeni sukwera chifukwa cha izo, pakuti mipeni yotchipa ya m'mashopu ili pathebulo loyandikana. Ogulitsa nyama ndi amayi okonza nsomba ndiwo amazindikira, popeza mpeni umakhala m'dzanja lawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wolunjika sutopetsa mkono, ndipo pounola mbali zonse ziwiri zimagona pamwala mofanana. Akaupeza wotero amafunsa amene anausula, ndipo chikwanje chikafunika amapita kwa yemweyo.