Ndalama imodzi, mayina awiri

Pakhonde la mzikiti, swala ya Ijumaa ikatha, nkhani ya Mtukula Pakhomo imabuka kawirikawiri, ndipo mawu ake sasintha: akuti boma likuzoloweza anthu kulandira zaulere, akuti likudzala ulesi m'midzi. Onena zimenezi nthawi zambiri ndi abale athu opezako bwino, eni magolosale ndi eni mabwato a injini. Chotidabwitsa n'chakuti abale omwewa satsegula pakamwa pa ndalama zochuluka kwambiri zimene boma limalipira makampani chaka ndi chaka. Izo amazitcha chitukuko. Ife tikuti kusiyanitsa mayina kotereku kumatiphimba m'maso.

Tiyambe ndi feteleza wotsika mtengo. Ndondomekoyi idakula m'nyengo ya ulimi ya 2005/06, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, dziko litangodutsa m'chilala, ndipo tisakane, chimanga chidachuluka m'zaka zotsatira. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera lidaikuza pansi pa dzina la AIP: thumba la makilogalamu 50 pa K4,495, ndipo bajeti yake idali pafupifupi K160 biliyoni. Amatiuza kuti iyi ndi ndalama ya mlimi wosauka. Komatu mlimiyo ndalamayo saigwira m'manja. Iye amalipira kagawo kake kochepa, ndipo gawo lalikulu boma limapereka kwa woitanitsa fetelezayo kuchokera kunja, kwa mwini malole ndi kwa wogulitsa. Malonda awo ndi otsimikizika mvula isanagwe. Mvula ikadula, kapena feteleza akafika mochedwa chimanga chitamera kale ngayaye, woluza ndi mlimi. Kampani idalandira kale zake.

Mu 2022 zidaululika kuti K750 miliyoni ya feteleza idalipidwa kwa kampani ina ya ku Britain yomwe inkadziwika ndi malonda a nyama. Feteleza sadabwere, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho nduna ya zaulimi, Lobin Lowe, idachotsedwa paudindo. Sitidamve munthu ndi mmodzi yemwe pakhonde lathu lija akunena kuti makampani azolowera zaulere.

Nanga Mtukula Pakhomo? Idayamba moyeserera ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 idafalikira m'maboma onse 28. Imasankha mabanja khumi pa mabanja zana aliwonse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera adzukulu amasiye, odwala matenda amgonagona, olumala, ana olera ana anzawo. Kodi agogo a zaka makumi asanu ndi awiri tingawaneneze ulesi wanji? Kafukufuku wamkulu wa ndondomekoyi adachitika kwathu konkuno, ku Salima ndi ku Mangochi, pakati pa 2013 ndi 2015. Adapeza kuti mabanja olandira ankadya bwinoko kuposa kale, ankagula nkhuku ndi mbuzi, ndipo ana awo ambiri ankapita kusukulu. Ndalamayo simapita kutali. Imathera pa sopo, mchere, usipa ndi yunifolomu, m'magolosale a anthu omwe aja oinyoza.

Pali china chochititsa manyazi. Gawo lalikulu la ndalama za Mtukula Pakhomo silichokera m'thumba la boma lathu ayi, koma ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ku European Union, ku Germany ndi ku Ireland. Misonkho yathu imalipira ogulitsa feteleza mokhulupirika, koma amasiye athu tidawasiyira alendo.

Sitikunena kuti thandizo la feteleza lithetsedwe mawa. Nthaka yathu yaguga, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi wamba sangafikire mtengo wa m'sitolo. Komanso Mtukula Pakhomo ili ndi zilema zake: ndalama yake ndi yochepa, nthawi zina imachedwa miyezi, ndipo kusankha mabanja khumi okha m'mudzi momwe osauka ndi makumi asanu kumadzetsa chidani pakati pa oyandikana. Chimene tikutsutsa ndi muyeso. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwanso banja la msodzi lopanda munda wokwanira, limene kuponi siliithandiza kanthu, pamene nyengo yotseka nyanja ilipeza lilibe chogwira.

Amene timapereka zakaat sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Tidaphunzitsidwa kuti 2.5 peresenti ya chuma chosungidwa chomwe chakwana mlingo wake ndi gawo la wosauka, ndipo iye polandira sakupempha chifundo. Surat At-Tawbah, ndime 60, imatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, ndipo oyamba kutchulidwa ndi osauka ndi osowa. Boma si mzikiti, ndipo msonkho si zakaat, koma n'zodabwitsa kuti munthu amene amaphunzitsa mwana wake zimenezi m'mawa, masana n'kumatcha wamasiye waulesi.

Agogo asanalembedwe mu Mtukula Pakhomo, akomiti amafika pakhomo pawo kudzaona denga, kuwerenga ziweto ndi kufunsa kuti amadya kangati patsiku, kenako dzina lawo limatchulidwa pamsonkhano wa mudzi wonse. Tikupempha aphungu athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kuti chaka chilichonse afunse m'Nyumba ya Malamulo mndandanda wa makampani olandira ndalama za feteleza, kuchuluka kwa zimene aliyense adalandira, ndi tsiku limene matumba ake adafika pamsika.