Mneni wa pachitsime m'ndakatulo

Aroma akale pofuna kunena kutunga madzi ankati haurire. Mawuwa sanafe ndi Chilatini. M'Chitaliyana muli esaurire, m'Chipwitikizi muli exaurir, koma lero onsewa amanena za kutha kwa chinthu, kaya ndi mphamvu kaya katundu m'sitolo. Afalansa anadzera kwina nkufika komweko: ku puteus, chitsime, kunachokera puits, kenako puiser, kutunga, ndipo munthu wotopa kotheratu amati ali épuisé, ngati chitsime chimene atunga mpaka kupala matope. Fanizo limabadwira pa ntchito ya manja, ndiye mlakatuli amene chinenero chake chidakasunga ntchitoyo safunika kukafuna fanizo kutali.

Mu 2020, madamu a Umzingwane ndi Upper Ncema ataphwa, khonsolo ya Bulawayo inafika potseka madzi kwa maola 144 pa sabata. Ku Lobengula, monga m'madera ena a kumadzulo kwa mzindawu, anthu okhala m'nyumba za mipopi anayambanso kundandalika zigubu pamjigo. Mdzukulu wa Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito kunjanji, akafuna kulakatula za masiku amenewo m'Chichewa, mawu oyamba kumubwerera ndi "vuto la kusowa kwa madzi". Awa ndi mawu a mulipoti la khonsolo. M'ndakatulo salemera kanthu. "Kutunga" kumabwera ndi mayi wodzuka tambala asanalire, nkhata pamutu, chigubu cha malita 20 chikukhavukira m'khosi. Chindebele cha anansi ake chili ndi mneni wakewake, ukukha, choncho mlakatuliyu sangadandaule kuti omvera sagwira.

Wina anganene kuti pamjigo satunga, amapopa, ndiye mneniyu ndi wachikale. Koma mawu amakhalitsa kuposa chipangizo. Amayi obwera kumjigo amanenabe kuti akuchokera kotunga, ngakhale chikho ndi mtsuko anazisiya kale. Chotsutsa cholimba ndi chakuti Mfalansa wonena kuti watopa saona chitsime chilichonse, kotero kukumba mizu ya mawu ndi masewera a ophunzira chabe. Izi ndi zoona ku Paris, kumene mpopi unaiwalitsa anthu chingwe ndi ndowa. Ku Lobengula kutopa ndi kutunga zimachitikira munthu mmodzi m'mawa womwewo, moti mlakatuli akanena kuti chilala chatunga mayi wina mpaka kumuphwetsa, womvera msana wake ukuwawabe ndi chigubu cha dzulo.