Za Mzinga wa ku India, ndi Dzuwa Limene Linauyesa

Mamawa a pa 22 October 2020, m'cipululu ca Pokhran, m'dziko la India, asilikari anaponya mzinga wouluka, nulasa kasinja amene anamuimika patali kuti akhale candamale. Tsiku lomwelo Boma linalalikira kuti mayeso atha, ndi kuti mzingawo, umene dzina lace ndi Nag, uyenera tsopano kupangidwa wambiri. Anthu a kumeneko anakondwera, nanena kuti ici ndi cida cao, cosulidwa ndi manja a ana a dziko. Ife tifuna kuzenga mlandu umenewu pamaso pa owerenga athu, pakuti nchito imene inadya zaka zoposa 30 iyenera kufunsidwa mafunso isanaomberedwe m'manja.

Tiyambe ndi cimene cinawakakamiza. Kasinja ndiye galimoto wankhondo wobvala citsulo cocindikala, woyenda pa unyolo, wosenza mfuti yaikuru; cipolopolo wamba cingomgogoda osalowa. M'mwezi wa September 1965 India ndi Pakistan anamenyana ndi akasinja ambiri pa mudzi wa Asal Uttar, m'dera la Punjab. Pamenepo msilikari wina, Abdul Hamid, anaononga akasinja angapo ndi mfuti yomangidwa pa kagalimoto kopanda cochinga ciri conse, nafera pomwepo pa 10 September. Eni dziko amlemekeza kufikira lero. Komatu ulemu wotere ugulidwa ndi mwazi, ndipo mtsogoleri wanzeru afunafuna njira yakuti msilikari wace alase mdani ali kutali, nabwerere kwao wamoyo.

Nkhondo yomweyo inawaphunzitsa cinanso. America ndi Britain analeka kugulitsa zida kwa onse awiri omenyanawo nkhondo iri m'kati. Mlimi ali yense adziwa kuti khasu lobwereka mwini wace alifuna tsiku lomwe mvula yagwa, ndipo wobwereka atsala ali ciriri m'munda. Cifukwa cace, m'caka ca 1983, pamene Indira Gandhi anali nduna yaikuru, Boma linakhazikitsa nchito yopanga mizinga ya mitundu isanu, naiika m'manja mwa A. P. J. Abdul Kalam ndi amisiri anzace a ku Hyderabad. Maina ace ndi awa: Prithvi, Agni, Akash, Trishul ndi Nag. Wotsirizawo, ndiwo wolasa akasinja, anaupatsa dzina la njoka ija yotambasula khosi pofuna kuluma. Pa mfundo iyi sitipeza cowatsutsa: analinga bwino.

Tsono taonani cimene amisiri anafuna kupanga, pakuti pomwepo pagona mlandu wonse. Mizinga yakale, monga Milan wa ku France ndi Germany, ndi Konkurs wa ku Russia, imene India anaipanga kwao mwa cilolezo ca eni ace, ikoka waya wopyapyala m'mbuyo mwace pouluka, ndipo malamulo ouongolera adzera m'wayamo. Woponya ayenera kukhala pomwepo, diso lace liri pa kasinja, masekondi oposa 10 ngati mdani ali kutali. M'menemo mdani waona kale utsi, natembenuza mfuti yace. Nag anaulinga kuti ukhale ndi diso lace pamphuno, diso losapenya kuwala koma kutentha. Msilikari aulozera kasinja kamodzi, nauponya, nacoka; mzinga upita wokha mtunda wofikira makilomita 4, nukwera m'mwamba, nutsikira pa denga la kasinja, pamene citsulo ciri copyapyala. Uli nazo mbali ziwiri zophulika: yoyamba icotsa timabokosi ta onga tomangidwa pa kasinja tomchinjiriza, yaciwiri iboola citsulo.

Nag anauluka koyamba m'caka ca 1990, koma diso lija linabvuta zaka zambirimbiri. Usiku, kapena nyengo ya cisanu, kasinja amene injini yace yatentha aoneka m'disomo monga khala lamoto pa phulusa lozizira. Koma malire a India ndi Pakistan adutsa m'cipululu ca Rajasthan, kumene dzuwa liribe cifundo. Pa mzinda wa Phalodi, wosatalikira ndi Pokhran, kutentha kunafika madigiri 51 m'mwezi wa May 2016. Amene anapondapo mcenga wa ku mtsinje masana a October wopanda nsapato adzamva cimene tiri kunena. Pa nthawi yotere mcenga ndi miyala zitentha monga citsulo comwe, ndipo khala lija lagwera pakati pa makala anzace. Diso la mzinga silinathe kusiyanitsa bwino kasinja wakutali ndi nthaka yomzinga. Ndipo pa mayeso a m'cirimwe ca 2012 mizinga ina inaphonya.

Apa ndipo tipeza cinthu coyenera kutamandidwa koposa zonse, ndipo ciri mwa iwo amene anakana. Akuru a asilikari akadatha kulandira mzingawo kuti akondweretse Boma ndi kusunga ulemu wa dziko, poti unali kulasa bwino m'nyengo zozizira. Iwo anati ai, ubwerere kwa osula, pakuti mdani sasankha ora lokomera mnzace. Amisiri nao, ngakhale anacita manyazi, anabwerera ku nchito, nakonza disolo kuti lipenye mosiyanitsa bwino, nabwera nalo ku mcenga womwewo. M'mwezi wa July 2019 mizinga inalasa pa Pokhran usana ndi usiku womwe, ndipo caka cotsatira anatsiriza. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Akadapanda kukana aja, wozindikira cirema ca cidaco akadakhala mnyamata wina ali pa bwalo la nkhondo masana, kasinja ali kumdzera, nthawi yakubweza cinthu kwa wosula itapita kale.

Titatamanda cotero, tiyenera kuchulanso zolakwa, ndipo tiona ziwiri.

Coyamba ndico kucedwa. Mwana wobadwa caka cimene Nag anauluka koyamba anali munthu wa zaka 30, wa banja lace, pamene mayeso anatha. Kalam mwini anakhala Pulezidenti wa India kuyambira 2002 kufikira 2007, namwalira mu 2015, wosaona tsikulo. Ena adzati nchito yotere iri yobvuta, ndipo tibvomera. Koma Amerika anayamba mzinga wao wa mtundu womwewo, Javelin, pafupifupi nthawi imodzi, naupereka kwa asilikari ao mu 1996. Tidziwa kuti iwo anali nao cuma ndi mafakitale amene India analibe, ndipo sitidzudzula wosauka cifukwa ca kuyenda pang'onopang'ono. Cimene tidzudzula ndi pakamwa pofulumira. M'caka ca 2008 akuru analalikira kuti nchito ija ya mizinga isanu yatha, pamene Nag anali asanapambane dzuwa la m'cipululu. Wolonjeza msanga alepheretsa mnzace kukonzekera. Ndipo asilikari anadikira ndi zida zakale za waya, kufikira mu 2019 Boma linagula mwacangu mizinga ya Spike ku Israel, ndiko kubwerekanso khasu lija anafuna kuleka. Pangano lalikuru logula Nag ndi magalimoto ace, la marupi oposa mabiliyoni 18, linalembedwa mu March 2025. M'zaka zomwezo nkhondo inasandulika nkhope: ku Ukraine, kuyambira 2022, tindege tating'ono topanda woyendetsa, totsika mtengo, tinaononga akasinja ambiri. Cida cocedwa cipeza mdani atasintha mayendedwe.

Caciwiri ndico dzina lakuti "cathu-cathu." Galimoto wonyamula Nag, amene amucha Namica, ndiye BMP-2, wolingidwa ndi amisiri a ku Soviet Union, ngakhale apangidwa m'India. Ndiponso kwa zaka zambiri kanthu kakang'ono ka m'kati mwa diso, kamene kamva kutentha, kanagulidwa kunja. Ndipo ndi komweko kamene mlendo akhoza kukaniza tsiku la tsoka. Palibe manyazi m'kugula cimene sunaphunzire kupanga. Manyazi ali m'kubisa, pakuti wosula amene mpini ndi wace koma citsulo ca mnzace, akadzitama kuti khasu lonse ndi lace, adzinyenga yekha, naleka kufunafuna ng'anjo.

Nanga ciweruzo cathu n'cotani? Tiyesa kuti India anapindula, koma phindu lace lalikuru siliri mu mzinga uja wokha. Liri m'anthu amene anaphunzira, mwa kuphonya kawiri kawiri, kupanga diso lopenya kutentha. Pakuti pa nzeru yomweyo anapanganso Helina, woponyedwa kucokera pa helikopita, wofika makilomita 7, ndipo mu January 2025 anayesa pa Pokhran Nag wa mtundu waciwiri. Mzinga wogula utha tsiku louponya, koma mmisiri wophunzira aphunzitsa anzace. Liri ndiponso m'mwambo uja wakuyesa cinthu pa malo oipitsitsa ndi pa ora loipitsitsa, ndi kumvera woyesa angakhale mau ace awawa. Pa mlandu wonsewu mboni imodzi yosakondera inali dzuwa la Rajasthan, limene silinasamale ulemu wa mmisiri kapena mbendera ya dziko. Ndipo tiyamika iwo amene analola mboni imeneyo ilankhule.

Catsala cimodzi cimene sitingacilumphe, owerenga okondedwa. Ciyeso cotsiriza ca cida ciri conse ndi nkhondo yomwe, ndipo ife tikhumba kuti ciyeso cimeneco cisafikire Nag. Kasinja wa pa Pokhran anali wopanda munthu m'kati. Koma wa ku nkhondo akhala nao amuna atatu kapena anai, ndipo ali yense wa iwo ali ndi mai wace amene amdikira kumudzi.