Mbale za pa Tsindwi ndi Chichewa cha pa Kanema

Munthu woyenda m'boma la Mwanza, kufikira m'dera la Mfumu Nthache kufupi ndi malire a Mozambique, aona timbale toloza kumwamba pa matsindwi ena a malata. Timbale timeneti ndito talanda oonera ku wailesi ya kanema ya boma. Ku America anapambana ndi kanema wodzera m'nthambo, monga ESPN ya mu 1979 ndi CNN ya mu 1980. Ku Malawi nthambozo sizinafike kumidzi, ndipo nchito yake inagwiridwa ndi setilaiti.

Pa nthawi yonse ya Dr. Banda dziko linalibe kanema wakewake. TVM inatsegulidwa mu 1999, pamene DStv ya ku South Africa, imene inayamba mu 1995, inali italowa kale m'nyumba za opeza bwino a ku Blantyre ndi Lilongwe. Mwini mudzi anadzuka mochedwa, napeza mlendo atayala mphasa pabwalo.

Ena amati mapiri ndiwo achititsa, pakuti mafunde ochokera pa nsanja amatsekerezedwa ndi zitunda, pomwe mbale ilandira zake kuchokera kumwamba. Nzoona, koma sikokwanira. TVM, imene pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC, inazolowera kuonetsa misonkhano ya chipani cholamula, ndipo boma litasintha, chizolowezicho sichinasinthe. Woonera ankayesedwa mwana wofunika kulangizidwa. Kanema wolipira amamuyesa mwini ndalama, woyenera kusangalatsidwa kuti mwezi wamawa alipirenso. Kotero ampatsa mpira wa ku England pa SuperSport ndi masewero a ku Nigeria pa Africa Magic. Mphamvu yake inaoneka mu 2023, pamene MultiChoice inaimitsa DStv m'dziko muno itakangana ndi MACRA pa za mitengo: anthu anadandaula kwambiri kufikira itabwerera kumapeto kwa chakacho.

Tsono mphunzitsi wa chinenero ali nalo funso pano. Chichewa chimamveka ndithu pa mbale, kudzera pa MBC, Zodiak ndi Times, koma chimene bambo atulutsira ndalama si chimenecho. Nkhani yokoma, yoseketsa kapena yoliritsa, mwana aimva m'Chingerezi. M'chinenero chake amva zolengeza ndi zolankhula za nduna. Posakhalitsa ayamba kuyesa kuti Chichewa nchouzira anthu zochita basi.

Amene anazindikira njala imeneyi ndi anyamata omasulira mafilimu a ku China ndi ku India, oonetsedwa m'timanyumba ta vidiyo pa misika. Kumasulira kwawo sikulongosoka. Amaonjezera nthabwala zawozawo, napatsa osewera maina a kumudzi, nthawi zina mawu osayenera ana. Komabe m'timanyumbamo mumadzaza. Nchito imene wailesi zokhala ndi zipangizo ndi olemba ophunzira zinaichita mwa apo ndi apo, yofotokoza nthano pa kanema m'Chichewa chamoyo, akuigwira tsiku ndi tsiku ndi mnyamata wokhala ndi kompyuta imodzi.