Mlandu umene mapangano a mtendere adaulambalala

Pa bwalo la mfumu akuluakulu amati mlandu suwola. Munthu akadyetsa mbuzi m'munda wa mnzake n'kuthawira ku Joni, pobwerako amaupeza mlanduwo ukumudikira, ndipo akamwalira asanalipe, abale ake ndiwo amaitanidwa. Malamulo a pakati pa mayiko nawonso amati dziko likalakwira linzake liyenera kulipa. Koma tikawerenga mapangano a mtendere amene adatseka nkhondo ziwiri za dziko lonse, timapeza kuti mlandu wa utsamunda udasiyidwa dala kuti uwole. M'nkhani ino ndikufuna tione mapangano atatu, la 1919, la 1947 ndi la 1951, ndipo tiwaonere ku Zomba, tauni imene idali likulu la atsamunda kuyambira 1891 ndipo idatumiza ana a dziko lino ku nkhondo zonse ziwiri.

Polowa m'tauniyi kuchokera ku Blantyre pali chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, kufupi ndi Cobbe Barracks. Nkhondo yoyamba, imene makolo athu adaitcha ya Chiwaya, idafika pakhomo penipeni. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen idawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu, ndipo pa 9 Seputembala magazi adakhetsedwa ku Karonga. Olemba mbiri amawerengera kuti Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu cha m'ma miliyoni imodzi. Ambiri mwa amtengatengawa adachita kugwidwa m'midzi, ndipo ochuluka adatsamira mkono kuthengo kaamba ka kamwazi, malungo ndi njala. Mu Novembala 1914 mbusa John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chimene munthu wakuda adzapindule akafera nkhondo ya eni ake. Yankho la funso lakeli lili m'pangano la Versailles la pa 28 Juni 1919.

Gawo 231 la panganoli lidasenzetsa Germany udindo wa zonse zimene zidawonongeka pa nkhondoyo, ndipo malipiro adapita kwa mayiko opambana. Gawo 119 lidalanda Germany madera ake onse a kunja. Chifukwa chimene opambana adapereka chinali chakuti Ajeremani adazunza anthu akuda motero sadali oyenera kuwalamulira. Umboni udalipo ndithu. Mu 1918 boma la Britain lidasindikiza lipoti lofotokoza momwe Ajeremani adapululira Aherero ndi Anama ku South West Africa pakati pa 1904 ndi 1908. Munthu ungayembekeze kuti ozunzidwawo abwezeredwa malo ndi ng'ombe zawo. Zimene zidachitika n'zakuti South West Africa idapatsidwa kwa South Africa, Tanganyika kwa Britain, Ruanda-Urundi kwa Belgium, ndipo kadera ka Kionga kadapita kwa Apwitikizi ku Mozambique. Gawo 22 la malamulo a League of Nations lidati anthu a m'maderawa sadakhwime moti n'kudziimira paokha, choncho afunika owalera. Pofika 1926 azungu a ku South West Africa, Ajeremani ndi anzawo, atagwirizananso, adalamula kuti lipoti lija lichotsedwe ndi kuwonongedwa. Kulira kwa Aherero kudagwira ntchito pa nthawi yolanda malo yokha, ndipo ntchitoyo itatha kudatayidwa.

M'pangano lonselo Mwafirika wotchulidwa dzina ndi mfumu Mkwawa ya Ahehe, imene idafa mu 1898. Gawo 246 lidalamula Germany kuti ipereke chigaza chake, ndipo wochilandira adali boma la Britain. Chigaza chidafika kwa Ahehe mu 1954. Za amtengatenga a ku Zomba, Dedza kapena Mzimba palibe ngakhale mzere umodzi. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a ku Africa ndi ku Asia, sadakumbukiridwe ndi mayina awo monga adachitira ndi azungu.

Pamwamba pa phiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View, pokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa mu 1965. Dziko la mfumuyi ndilo lokha mu Africa limene lidalandira malipiro m'pangano la mtendere ndi Italy, losainidwa ku Paris pa 10 Febuluwale 1947. Asilikali a Nyasaland adamenya nawo nkhondo yochotsa Italy m'chigawocho, ku Moyale ndi ku Tug Argan mu 1940. Gawo 74 lidapatsa Yugoslavia madola 125 miliyoni, Greece 105 miliyoni, Soviet Union 100 miliyoni, Ethiopia 25 miliyoni ndi Albania 5 miliyoni. Libya, Eritrea ndi Somalia, amene Italy idawalamulira zaka zambirimbiri, sadapatsidwe ngakhale khobidi. Gawo 23 lidangoti Italy yawasiya. Chonsecho ku Libya anthu zikwizikwi adafera m'misasa yotsekeramo anthu cha m'ma 1930, ndipo mtsogoleri wawo Omar Mukhtar adanyongedwa mu 1931.

Kusiyana kwake ndi uku: Ethiopia idali membala wa League of Nations kuyambira 1923, choncho kuithira nkhondo mu 1935 kudawerengedwa ngati kulakwira dziko. Libya idaonedwa ngati katundu wa Italy, ndipo malamulowo sadaone mlandu pa zimene munthu wachita ndi katundu wake. Potero amene adalamulidwa zaka zisanu adalipidwa, pamene amene adalamulidwa zaka makumi atatu kapena kuposerapo adabwerako chimanjamanja. Ngakhale Ethiopia yomweyo idadikira mpaka 2005 kuti chipilala cha ku Axum chibwerere kuchokera ku Rome.

Pangano la San Francisco la pa 8 Seputembala 1951 lidatsata njira yomweyi. Asilikali athu adamenyana ndi Japan ku Burma mu 1944, koma wosainira Nyasaland adali Britain. Korea, imene Japan idailamulira kuyambira 1910 mpaka 1945, sidaitanidwe, ndipo Britain idali m'gulu la okana. Ankati Korea sidali pa nkhondo ndi Japan popeza idali gawo la Japan. Mu 1965 Japan idapatsa South Korea madola 300 miliyoni ndi ngongole ya madola 200 miliyoni, koma idazitcha thandizo la chitukuko. Indonesia idalipidwa ndi Japan chifukwa cha zaka zitatu ndi theka za nkhondo, koma polandira ufulu mu 1949 idasenzetsedwa ngongole za boma la atsamunda a ku Netherlands.

Chifukwa cha zonsezi sichovuta kuchiona. Oweruza pa mabwalo onse atatuwa adali ndi madera awoawo. Britain ikadanena kuti Japan ilipe Korea chifukwa cha utsamunda, ikadadzitsegulira mlandu wa thangata ku Magomero, wa msonkho wa nyumba ndi wa malo amene Harry Johnston adapatsa azungu a m'maesiteti. Fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi yosowa.

Akadaulo a malamulo ali ndi yankho lawo. Amati chochitika chiyenera kuweruzidwa ndi malamulo a nthawi imene chidachitika, mfundo imene woweruza Max Huber adaifotokoza mu 1928 pa mlandu wa chilumba cha Palmas. Popeza bungwe la United Nations lidatsutsa utsamunda poyera pa 14 Disembala 1960, akuti zonse za m'mbuyo mwake zidali zololedwa. Mfundoyi ili ndi nzeru yake, pakuti palibe angafune kumangidwa chifukwa cha lamulo lopangidwa mawa. Komabe ndikuona kuti ili ndi mabowo atatu. Loyamba, malamulo a nthawiyo adalembedwa ndi olanda okhaokha. Ku msonkhano wa Berlin wa 1884 mpaka 1885 kudalibe mfumu ya kuno ngakhale imodzi. Lachiwiri, atsamunda adaphwanya ngakhale malamulo awo omwe, chifukwa pangano la Berlin lidawalamula kusamalira moyo wa eni dziko, ndipo Nyasaland inkatchedwa dziko lotetezedwa. Angerezi adasainirana mapangano ndi mafumu athu, zimene zikutanthauza kuti adawavomereza ngati eni ulamuliro. Sizingatheke kuti mfumu ikhale munthu pa tsiku lodinda chala koma isakhale munthu pa tsiku lodandaula. Lachitatu, ku Nuremberg mu 1945 opambana sadazengereze kukhazikitsa milandu yatsopano poweruza zimene zidachitikira anthu a ku Ulaya.

M'zaka zapitazi mayiko ena ayamba kupereka kangachepe. Mu 2008 Italy idalonjeza Libya madola 5 biliyoni pa zaka 20. Mu 2013 Britain idalipira mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa anthu 5,228 a ku Kenya amene adazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau, koma nduna William Hague idanenetsa kuti boma silikuvomera mlandu. Mu 2021 Germany idavomera kuti ku Namibia kudachitika chipululutso cha mtundu wa anthu ndipo idalonjeza mayuro 1.1 biliyoni pa zaka 30, monga thandizo la chitukuko. Kwathu kuno wopalamula akapereka nkhuku n'kunena kuti ndi mphatso chabe, akuluakulu amadziwa kuti mlandu sunathe. Nafenso tili ndi wathu. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo ladzidzidzi ali mu Zomba, ndipo lipoti la Devlin lidawerenga anthu 51 ophedwa. Anthu a ku Nkhata Bay, kumene kudafa ambiri, akhala akupempha chipukuta misozi.

Pali zinthu ziwiri zimene Amalawi tiyenera kuzilingalira tisanakweze mawu. Choyamba, pa mkangano wa nyanja ndi Tanzania timadalira pangano la Heligoland la pa 1 Julayi 1890, losainidwa ndi Britain ndi Germany. Sitingataye mapepala onse a atsamunda m'moto. Tiyenera kufotokoza bwino chifukwa chimene tikusungira malire awo koma tikukana kuti nkhanza zawo zidali zololedwa. Chachiwiri, ndende ya Mikuyu, kunja kwa tauni ya Zomba, idadzaza pa ulamuliro wathu womwe, ndipo mlakatuli Jack Mapanje adakhalamo kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Malamulo a dziko a 1994 adakhazikitsa National Compensation Tribunal yopepesa ozunzidwa, koma idatsekedwa patatha zaka khumi anthu ambiri asanalandire zawo. Boma lokanika kulipa ngongole ya dzulo kwa anthu ake limafika ku London ndi mawu ofooka.

Bungwe la African Union lidasankha 2025 kukhala chaka cha nkhani ya malipiro kwa anthu a ku Africa. Zilengezo zotere sizipambana mlandu pazokha. Akenya adapambana chifukwa adali ndi mayina, zipsera ndi mafayilo, ndipo mlandu wawo ndiwo udakakamiza Britain kuulula mu 2011 zikalata zimene idabisa ku Hanslope Park, momwe mudalinso za Nyasaland. Ofesi ya National Archives ili mu Zomba momwemo, pamodzi ndi Yunivesite ya Malawi. Ntchito yoyamba ndi yolemba mayina a amtengatenga ndi a ophedwa mu 1959, mudzi ndi mudzi, zidzukulu zokumbukira zikadali moyo. Mlandu suwola, koma mboni zimafa, ndipo ife alembi tili ndi gawo lathu pa ntchito imeneyi.