Kodi woimba ng'oma amamvera chiyani akafika kunyumba?

Pali funso limene a wailesi kuno ku Mangalande amakonda kufunsa anthu oimba, koma ife a Malawi sitiwafunsa oimba athu. Funso lake ndi ili: mukaika pansi choimbira chanucho, inuyo mumamvera nyimbo za yani? Limamveka ngati funso lamacheza chabe. Koma ine ndimaona kuti limamuulula woimba kuposa mafunso athu aja a masiku onse, akuti munayamba liti kuimba, kapena chimbale chatsopano chituluka liti.

Anzathu kuno funsoli analimangira nyumba kalekale. Pulogalamu ya Desert Island Discs inayamba pa wailesi ya BBC mu Januwale 1942, ndipo mwini wake anali Roy Plomley. Mlendo amauzidwa kuti ayerekeze kuti watayidwa yekha pa chilumba, ndiye asankhe nyimbo 8 zoti apite nazo. Mu 1995 Radio 3 inayamba ina yotchedwa Private Passions, pamene Michael Berkeley, amene ndi wopeka nyimbo, amacheza ndi alendo za nyimbo za kumtima kwawo. Mu 2019 kunabweranso This Classical Life, pamene mtsikana woimba sakisofoni, Jess Gillam, ankasinthana nyimbo ndi oimba anzake, zambiri mwa izo zosakhudzana n'komwe ndi zoimbira zawo.

Koma chachikulu pa zonsezi ndi chikondwerero cha Meltdown ku Southbank Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, chimene chinayamba mu 1993. Kumeneko amatenga woimba mmodzi n'kumupatsa makiyi kwa masiku angapo kuti aitane aliyense amene iye amamukonda. David Bowie anapatsidwa mwayiwu mu 2002, M.I.A. mu 2017, Grace Jones mu 2022. Chaka chimene ine ndimaperekera chitsanzo ndi 2009, pamene anasankha Ornette Coleman, nkhalamba ya jazz ya ku America. Munthu ukanaganiza kuti adzaza holo ndi oimba sakisofoni anzake. Ayi ndithu. Anaitana Baaba Maal wa ku Senegal, anyamata a hip hop a The Roots, Patti Smith, Yoko Ono, ndi oimba zitoliro ndi ng'oma a ku Jajouka m'mapiri a ku Morocco. Ukaona mndandanda umenewo, kenako n'kubwerera kukamvera zimbale za Coleman, umayamba kumva zinthu zimene poyamba zimakudutsa. Umazindikira kuti kulira kwa sakisofoni yake kumatsatira mawu a munthu, ndipo sikulabadira malire a mitundu ya nyimbo.

Ubwino wa mwambowu ndi umenewo. Koma uli ndi chilema chake, ndipo chilemacho chimatikhudza ife. Woimba wachizungu akati amakonda nyimbo za ku Mali kapena za ku Congo, anthu amamuyamikira kuti ndi wa makutu otseguka. Woimba wa ku Africa akaitanidwa, kawirikawiri amamuitanira kuti adzaonetse "chikhalidwe chake". Iye ndiye womveredwa, koma sakhala womvera. Palibe amene amaganiza kuti mnyamata woimba banjo ku Ndirande angakhale ndi maganizo pa nyimbo za Don Williams kapena Michael Jackson, chonsecho ndi zimene anakula akumva pa MBC ndi m'maminibasi.

N'chifukwa chake ndikufuna tikambirane za Esau Mwamwaya, chifukwa iye anayankha funso lija popanda wa wailesi kumufunsa, ndipo analiyankha m'Chichewa, muno mu London momwe.

Esau anabadwira ku Mzuzu, n'kukulira ku Lilongwe, ndipo kwathu ankadziwika ngati woimba ng'oma za bandi. Anabwera kuno mu 1999. Monga ambiri a ife, luso lake analisiya kaye pambali n'kuyamba kusaka ya ndiwo: ankagulitsa mipando ndi katundu wina wakale pa kashopu ku Clapton, m'dera la Hackney. Pa shopu pomwepo ndi pamene anakumana ndi Etienne Tron wa ku France, amene anabwera kudzagula njinga. Tron ndi mnzake wa ku Sweden, Johan Hugo Karlberg, anali ma DJ ndiponso okonza nyimbo, ndipo ankadzitcha Radioclit. Iwo anamudziwa Esau ngati woimba ng'oma, koma atafika mu situdiyo zinapezeka kuti chuma chenicheni chinali pakhosi. Atolankhani ena anamuyerekeza ndi Phil Collins, amenenso anachoka pa ng'oma za Genesis n'kukaima kutsogolo. Atatuwa anadzitcha The Very Best, ndipo mu 2008 anatulutsa mixtape yaulere pa intaneti. M'menemo anatenga nyimbo za anthu ena zodziwika kale, n'kuchotsa kapena kuchepetsa mawu a eni ake, Esau n'kuikapo ake.

Tiyeni tione zitatu mwa nyimbozo, chifukwa nkhani yonse ili m'menemo.

Yoyamba ndi "Tengazako", imene inamangidwa pa "Paper Planes" ya M.I.A. ya mu 2007. M.I.A. anabadwira ku Hounslow, anakulira ku Sri Lanka, n'kubwerera ku London ngati wothawa nkhondo, ndipo nyimbo yakeyo imaseka mmene eni dziko amawaonera anthu obwera, ngati mbava zodzalanda zawo. Iyenso maziko ake anawatenga ku "Straight to Hell", nyimbo ya mu 1982 ya The Clash, bandi ya punk ya mu London. Ndiye taonani ulendo wake: magitala a anyamata achizungu, kenako mwana wachi Tamil, kenako Mmalawi wogulitsa mipando ku Clapton. M.I.A. amaimba ndi mawu ozizira, ngati akungolankhula monyoza. Esau anachita zosiyana: anatsegula kukhosi, n'kusanjikiza mawu ake angapo pamwamba pa anzake mpaka kumveka ngati kwaya ya Lamulungu m'mawa. Kayendedwe ka nyimbo n'komweko, koma mtima wake wasintha. Munthu sangachite zimenezi ndi nyimbo imene sanaimvetsere mofatsa.

Yachiwiri ndi "Cape Cod Kwassa Kwassa" ya Vampire Weekend, anyamata a ku New York amene anabwereka kaimbidwe ka gitala ka ku Congo. Kwa anthu a kuno dzina loti kwasa kwasa linali lachilendo. Kwa ife amene tinavina Kanda Bongo Man m'maukwati cha m'ma 1990, ndi dzina la kunyumba. Kunena zoona, gitala wa anyamata a ku New York aja ndi waulemu kwambiri, amayenda ngati wavala taye. Esau atalowamo, nyimboyo inapeza chiuno. Apa ndi pamene khutu la woimba ng'oma limaonekera: amadziwa pamene pali mpata pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake, ndipo amaponya mawu ake mu mpata momwemo, mochedwerako pang'ono, monga amachitira mtsogoleri wa nyimbo pa gule. Chinthu chimene chinabwerekedwa ku Africa chinabwerera kwawo chitadzera ku Hackney.

Yachitatu ndi "Chikondi", imene inakhala pa nyimbo ya Hans Zimmer ya mu filimu ya True Romance ya mu 1993. Nyimbo ya Zimmer imayenda pa zoimbira za matabwa zogoda, ndipo iyenso anatsanzira kanyimbo ka Carl Orff, wopeka nyimbo wa ku Germany. Mzungu akaimva amakumbukira filimu. Ine ndikaimva ndimamva mangolongondo a ana a kumunda ndi ulimba wa ku Lower Shire. Mawu a Chichewa amakhazikika pamenepo ngati mphika pa mafuwa, moti wosadziwa akhoza kulumbira kuti nyimboyo inachokera kwathu.

Mu 2009 kunatuluka chimbale chawo chenicheni, Warm Heart of Africa, cha nyimbo zawozawo, mmene Ezra Koenig wa Vampire Weekend ndi M.I.A. anadzaimba nawo ngati alendo. Ndi chimbale chabwino, ndipo ndani sangasangalale kumva Chichewa m'mashopu a zimbale a mu London? Komabe ine ndimaika mixtape ija pamwamba. Dzina lenilenilo la chimbale ndi mawu aja timakopera nawo alendo odzaona nyanja, ndipo m'nyimbo zina mumamveka kufunitsitsa kosangalatsa anthu a m'makalabu a kuno: dzuwa lokhalokha, chimwemwe chokhachokha, ngati kuti ku Malawi sikuchita mdima. Mu mixtape munali kulimba mtima kwa mtundu wina. Mmenemo Mmalawi sankadzigulitsa, koma ankauza London zimene iye wamva mu nyimbo za London yemweyo.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Choyamba, kuti thumba la zimbale linali la ma DJ awiri aja, ndipo Esau anangobwereketsa mawu. N'zoona kuti makina anali m'manja mwawo. Koma kusankha nyimbo ndi theka chabe la kumvera. Theka linalo ndi zimene umachita nayo, ndipo zimenezo palibe Mfalansa kapena Mswidishi akanamuchitira. Ubalewu sunathere pomwepo ayi. Mu 2016 The Very Best anajambula nawo Johannesburg pamodzi ndi Mumford & Sons a mu London ndi Baaba Maal, ndipo mu 2019 Johan Hugo anakonza chimbale cha Lazarus Chigwandali, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga yekha. Kumvera kunayenda mbali zonse ziwiri.

Chachiwiri ndi chimene ndimamva kwa a Malawi anzanga, ndipo ndi chimene chimandiwawa: akuti zimenezi si nyimbo zakwathu. Abale anga, nyimbo zakwathu zosasakanizika ndi ziti? Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatola kwela ya ku South Africa banja lawo likukhala ku Salisbury, imene lero ndi Harare. Kwela yomweyo inafika kuno mu 1958, pamene "Tom Hark" inakwera kufika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri mu Britain. Gerhard Kubik wa ku Vienna atakumana ndi a Kachamba mu 1967, sanathere pa kuwajambula chabe, koma anadzakhala woimba clarinet mu bandi ya Donald. Allan Namoko wa ku Thyolo anatchula gulu lake kuti Chimvu Jazz, ndipo banjo imene ankaimba ndi choimbira chimene chinaumbidwa ndi anthu akuda ku America chisanatifike. Evison Matafale anamwa reggae ya ku Jamaica mpaka kukhuta, koma ndani anganene kuti Kuimba si chimbale cha Chimalawi? Wambali Mkandawire anayamba ndi rock asanafike pa jazz ya Chitumbuka ya mu Zani Muwone. Ngakhale mu 2020, Patience Namadingo atakhala pansi ndi a Giddes Chalamanda n'kuika nyimbo zawo pa reggae, dziko lonse linavina, ndipo ana amene sankawadziwa agogowa anayamba kuwafunafuna. Onsewa timawatcha akwathu lero chifukwa anamvera zakutali n'kuzibweretsa pakhomo. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Vuto lathu ife a kunja kuno ndi lakuti kusowa kumudzi kumatiumitsa makutu. Munthu amene anachoka kwathu mu 1998 amafuna kuti Malawi aziimbabe ngati mu 1998. Pa zisangalalo zathu za 6 Julaye timaika nyimbo zomwezomwezo chaka ndi chaka, ndipo woimba akabwera kuchokera kumudzi timamupanikiza kuti aimbe zokhazo timazidziwa. Akayesa kanthu kachilendo, timayamba kuyang'ana mafoni. Sindikunyoza chikumbumtima chimenechi, nanenso ndili nacho. Koma mtengo wake ndi waukulu. Ana athu obadwira ku Croydon ndi ku Barking amakula akumva grime, afrobeats ndi amapiano, ndipo tikawauza kuti nyimbo ya Chimalawi ndi mpanda umene zonsezi siziloledwa kulowamo, iwo amasankha kukhala kunja kwa mpandawo, Chichewa n'kutsala mkati. "Tengazako" imawauza zina: kuti chilankhulo cha amayi awo chikhoza kukwera pa nyimbo iliyonse imene iwo amaikonda, n'kukhalabe chawo.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Woimba wakwathu akadzabweranso ku London, kaya ndi wa gitala, wa babatoni kapena wa kwaya, tisamangomulipira kuti aimbe n'kukwera ndege. Timupatse theka la ola, mpando ndi sipika, atiikire nyimbo zisanu zimene iye amamvera akakhala payekha, zosakhala zake kapena za anzake a m'bandi, ndipo atiuze chimene amamvamo. Sizifuna Southbank Centre kapena BBC. Holo ya tchalitchi yomwe timabwereka ija ndi yokwanira. Ana akhale kutsogolo, ndipo nawonso aloledwe kumuikira imodzi yawo.