Galu, Khanda ndi Wolipira: Ntchito ya Edwin Landseer

Munthu wamkulu akafuna kujambulitsa, amasamba, kuvala zapamtima n'kukhala pampando mmene akufunira kuti anthu adzamukumbukire. Wojambula amalandira nkhope yokonzakonza kale. Galu ndi khanda alibe nazo ntchito zimenezo. Sadziwa kuti akujambulidwa, safuna kuoneka bwino, ndipo kukhazikika n'kosatheka. Wolipira ndi munthu wachitatu, kholo kapena mwini galu, amene amabwera ali nacho kale chithunzi chakechake m'mutu. Choncho mmisiri maso ake amakhala pa wina, pamene wokamuyankha ndi winanso. Zabwino ndi zoipa za ntchito imeneyi zimachokera pomwepa.

Mwa amisiri amene anadyera ntchito yotere, wotchuka kwambiri ndi Edwin Landseer, Mngelezi amene anabadwira ku London mu 1802 n'kumwalira mu 1873. Lero ambiri amamudziwa chifukwa cha mikango inayi yamkuwa imene yagona pa Trafalgar Square kuyambira mu 1867, koma dzina analipanga pojambula ziweto za anthu olemera. Zojambula zake zinaonetsedwa ku Royal Academy ali ndi zaka 13 zokha. Benjamin Robert Haydon, amene ankamuphunzitsa, anamulimbikitsa kuti azitumbula nyama zakufa kuti aone mmene mafupa ndi minofu zalukanirana pansi pa chikopa, ndipo mnyamatayo anatumbula ngakhale mtembo wa mkango. Chilichonse chabwino m'ntchito yake chinamera pa maphunziro onunkhawa.

Mu 1836 Duchess of Kent anamupatsa oda yojambula Dash, kagalu ka mwana wake Victoria, kuti ikhale mphatso pamene mtsikanayo ankakwanitsa zaka 17. Chaka chotsatira Victoria analowa ufumu, ndipo khomo la kunyumba yachifumu linamutsegukira Landseer. Anajambula agalu, zinkhwe, mahatchi, kenako ana a mfumukaziyo atayamba kubadwa. Kwa ife amene tinakulira kumene galu amagona panja, ntchito yake n'kulonda ndi kusaka, kulipira mmisiri wamkulu kuti ajambule galu kungaoneke ngati kukhuta. Mwina n'kukhutadi. Komabe ndalama za anthu okhutawo zinatisiyira zithunzi zimene wophunzira kujambula aliyense ayenera kuziyang'anitsitsa.

Chimene ndimachiika patsogolo pa zonse ndi cha Eos, cha mu 1841. Eos anali galu wamkazi wamtundu wa greyhound, agalu oonda a miyendo yaitali amene amadziwika ndi liwiro. Albert anabwera naye kuchokera kwawo ku Germany pamene anadzakwatira Victoria mu 1840, ndipo mfumukaziyo inaitanitsa chithunzichi kuti ipatse mwamuna wake pa Khirisimasi. Galuyo waima cham'mbali, thupi lonse lili poyera, lakuda, kumbuyo kwake kuli nsalu yofiira ya pathebulo. Pafupi pali chipewa chachitali cha Albert, magolovesi ake ndi ndodo. Mwiniwakeyo mulibemo, koma katundu wake akunena kuti ulendo wayandikira, ndipo galu akudziwa.

Aliyense wogwira burashi kapena pensulo angakuuzeni kuti galu wakuda ndi mayeso. Ukangothira utoto wakuda, umatsala ndi chibowo chooneka ngati galu. Landseer anatsata kuwala kumene kukutsetsereka pa ubweya wosalalawo, ndipo kuwalako ndi kumene kukutiuza pamene nthiti zathera, pamene mimba yakwera n'kuphwa, pamene ntchafu yafufuma. Mzere wa msana ukuyenda kuchokera kukhosi mpaka kumchira osazengereza paliponse. Miyendo n'njopyapyala koma yanyamuladi thupi, ndipo mukuona pamene kulemera kwagwera. Ubweya sanauwerenge umodziumodzi. Pena ndi mkwasa umodzi wa burashi, koma wagwera pamene fupa lili, chifukwa munthuyu fupalo analigwirapo ndi manja. Nsalu yofiira ija nayonso ili pantchito: popanda iyo m'mphepete mwa thupi lakudalo mukanasowa. Ndipo pankhope pa Eos palibe chilichonse cha umunthu. Sakumwetulira, sakupempha chifundo. Ndi galu amene waima tcheru podikira mbuye wake, ndipo Albert akanamuzindikira ndi kaimidweko kokha ngakhale mutu ukanabisika.

Chaka chomwecho, pokonzekera tsiku lobadwa la Albert mu Ogasiti, Landseer anali atajambula Eos yemweyo pamodzi ndi mwana woyamba wa banjalo, Victoria wamng'ono, ali ndi miyezi 8. Khandalo lagonekedwa pamtsamiro, galu waika mphuno pamapazi pake, ndipo pambali patera nkhunda. N'chithunzi chokoma, ndipo n'zosakayikitsa kuti makolo anakondwa nacho. Koma maso anga amathamangira kwa galu nthawi zonse. Galuyo ndi Eos, palibenso wina. Khandalo likhoza kukhala la mayi aliyense wa ku England amene ali ndi nsalu zabwino zolivekera.

Sindikumunyoza Landseer pamenepa, pakuti nkhope ya mwana yagwetsa amisiri ambiri. Nkhope ya munthu wamkulu ili ndi pogwira: makwinya, fupa la tsaya, mphuno yoti yakhwima, kukhota kwa kamwa kumene zaka zasiya. Ya mwana ilibe zonsezi. Chipumi n'chachikulu, maso ali cham'munsi kuposa a wamkulu, mphuno n'njaifupi ndipo fupa lake silinatuluke, chibwano n'chaching'ono, khosi labisika. Mzere umodzi wolimba kuchokera pamphuno kufika pakamwa umamuwonjezera mwana zaka zingapo nthawi yomweyo. Kujambula mano onse limodzilimodzi kumamusandutsa chinthu choopsa. Poopa zimenezi, wojambula amayamba kusalaza, kufufuta apa, kufewetsa apo, mpaka chotsala n'chidole cha masaya otupa ndi maso akuluakulu. Njira yodutsa pakati pa nkhalamba ndi chidole n'njopapatiza. Imafuna mithunzi yopyapyala kwambiri, yosinthasintha pang'onopang'ono, ndiponso kulimba mtima kosiya chinthu chimodzi chosakongola chimene ndi cha mwanayo yekha: khutu lotambalala, diso limodzi locheperapo, mlomo wam'munsi wolendewera.

Amene anadutsa njirayi bwino ndi Diego Velázquez wa ku Spain, zaka zoposa 180 Landseer asanajambule Eos. Mu 1659 anajambula Felipe Próspero, mwana wa mfumu Philip IV, ali pafupi kukwanitsa zaka ziwiri. Mfumuyo inali itataya kale mwana wamwamuna, Baltasar Carlos, mu 1646, ndipo chiyembekezo chonse cha ufumu chinali pa kamwana kodwaladwala aka. Chithunzicho chinali chotumiza kwa abale ku Vienna, kumene chili mpaka lero ku Kunsthistorisches Museum. Panali zifukwa zonse zoti mmisiri anenepetse masaya ndi kufiiritsa milomo. Velázquez sanatero. Mwanayo waima atatsamiritsa dzanja pampando, nkhope ili mbuu, maso akuluakulu koma otopa. Pa epuloni yake yoyera palendewera timabelu ndi njirisi zomutchinjiriza ku matenda ndi ku maso oipa; mayi wa kuno amene anamangapo khanda lake mkuzi m'chiuno sangafune womasulira. Pampandopo pagona kagalu koyera, katagoneka mutu pambali n'kumatiyang'ana. Kagaluko kali ndi moyo wambiri kuposa mwini wake, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumapweteka. Mwanayo anamwalira mu 1661, asanakwanitse zaka zinayi. Wolipira anali mfumu, koma mmisiri anajambula zimene anaona, ndipo anazijambula mwachifundo moti bamboyo analibe chodandaula nacho.

Landseer anali ndi maso oterewa akafika pa nyama, koma sankawakhulupirira nthawi zonse. Mu 1839 anajambula agalu awiri a mnzake Jacob Bell, chigalu chachikulu chotchedwa Grafton ndi kagalu koyera kotchedwa Scratch, onse atasuzumira pakhomo la khola. Kapakidwe kake ka utoto n'kogometsa: chikopa cholendewera cha chigaluyo, ubweya wonyankhalala wa kagaluko. Koma chithunzicho anachitcha Dignity and Impudence, kutanthauza kuti wina akuimira ulemu, wina mwano. Agalu awiri enieni asanduka anthu a m'nthano. Chaka chotsatira anapitirira: mu Laying Down the Law galu woyera waubweya wambiri wakhala ngati woweruza, phazi lili pabuku, agalu ena atamuzungulira ngati khoti. Duke of Devonshire atachigula anapempha kuti kagalu kake, Bony, akawonjezeremo, ndipo Landseer anakawonjezera. Chithunzi chimene mungalowetsemo galu wina popanda kuwononga kanthu ndiye kuti sichinali cha galu aliyense chiyambire.

Chimene chinamukokera kumeneku n'chosabisika. Mkulu wake Thomas ankasema zithunzizi pazitsulo n'kuzisindikiza zambirimbiri, ndipo zinkapachikidwa m'nyumba za anthu amene sakanatha kugula chojambula chenicheni. Msika umenewo unkafuna nkhani yomveka msanga, yoseketsa kapena yogwetsa misozi. Njira yachidule yopezera zimenezo ndi kubwereka nkhope ya munthu: kukweza zikope za galu, kunyowetsa maso, kupinda kamwa. Koma galu amalankhula ndi makutu, mchira, ndi mmene waponderera pansi. Ukasamutsira zonse kumaso wamulanda chinenero chake. N'chifukwa chake The Old Shepherd's Chief Mourner, cha mu 1837, chimapulumuka ngakhale chili m'mphepete mwa dzenje lomweli. Galu wa mbusa watsala yekha ndi bokosi la maliro a mbuye wake. Nkhani yake n'njofinya misozi, inde, koma galuyo akulira mwa ugalu: wakanikiza chifuwa pa bokosilo, chibwano wachigoneka pamwamba, thupi lonse lalemera. Wopenda zaluso John Ruskin anachitamanda kwambiri chithunzichi, ndipo apa ndikugwirizana naye.

Masiku ano ntchitoyi yachuluka kuposa kale, ndipo siifunanso mfumukazi. Wojambula amaika zitsanzo pa Instagram kapena pa Facebook, kasitomala amatumiza chithunzi cha pafoni, amagwirizana kukula kwa pepala ndi mtengo, kenako pensulo, makala kapena choko chamitundu chimayamba ntchito. Ngakhale m'matauni athu achinyamata ojambula nkhope ndi pensulo amagwira ntchito motere. Kamera yathetsa vuto la kusakhazikika, koma yabweretsa ena amene ambiri sawaona. Foni ikayandikira, imakulitsa chimene chili pafupi. Mwini galu amajambula ataimirira, galu ali pansi akuyang'ana m'mwamba, ndiye mphuno imatuluka yaikulu, mutu waukulu, miyendo ngati ya khoswe. Kuwala kwa fulashi kumapha mithunzi yonse imene ikanasonyeza maumbidwe a nkhope. Mwana naye amauzidwa kuti aseke, n'kuonetsa mano mwa njira imene sasekera tsiku lina lililonse.

Wojambula amene amadula chithunzicho m'timabokosi n'kumakopera kabokosi kamodzikamodzi amasamutsa zolakwika zonsezi mokhulupirika. Amatha masiku akulemba ubweya uliwonse, kadontho kowala ka m'diso amakaika pamalo pake, ndipo kasitomala akaona amafuula kuti chili ngati chojambula ndi kamera. Mawu amenewa ndimawaopa. Akutamanda kuleza mtima, chinthu chabwino ndithu, koma pansi pa ubweya wowerengekawo nthawi zambiri mulibe chigaza. Phimbani maso a galuyo ndi chala muone ngati chotsalacho chili ndi mafupa. Pa Eos mayeso amenewa sasintha kanthu.

Sindikunena kuti wojambula wa lero akafune mtembo wa mkango. Pali njira zotsika mtengo. Amisiri amene ntchito yawo imandigwira mtima sakhutira ndi chithunzi chimodzi. Amapempha zingapo, zina zojambulidwa munthu atagwada kuti kamera ifanane msinkhu ndi maso a galu kapena a mwana, zina pa kuwala kwa pawindo, ndiponso kavidiyo kakafupi koonetsa mmene amatembenuzira mutu akaitanidwa. Ngati n'kotheka amapita kukamuona, n'kulemba timizere tofulumira mwanayo akusewera. Kenako amasankha: maso kuchokera apa, kakhalidwe kuchokera apo, dzanja lobisika alimange okha chifukwa akudziwa mmene dzanja la mwana limapindikira.

Ma oda ambiri a ziweto amabwera galu atafa kale, ndipo chimene chilipo n'chithunzi chimodzi chosaoneka bwino, chojambulidwa madzulo. Apa kukopera kulibe kothawira, ndipo chiyeso chobwereka maso achisoni chimakula, pakuti wolipirayo ali pachisoni ndipo angalandire chilichonse chomuliritsa. Wojambula wabwino amayamba ndi mafunso. Ndi khutu liti limene linkagwa? Ankagona motani, miyendo kutsogolo kapena atadzipinda? Imvi zinayambira pati pakamwa? Eni ake amayankha mafunso otere mosaganizira n'komwe, ndipo nthawi zambiri amadabwa kuti ankazidziwa. Zimenezo ndizo mmisiri ayenera kuika papepala, ngakhale kasitomala anangopempha kuti galu wake aoneke wokongola.